Matologeti ndi mseu watsopano wa Lusaka–Ndola: ndani adzalipira, ndipo kwa zaka zingati?

Pa 21 Meyi 2024, Mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema anatsegulira nchito yomanga mseu watsopano wocoka ku Lusaka kupita ku Ndola, pamwambo umene unacitikira ku Kapiri Mposhi. Mseu umenewu ndi wotalika makilomita 327, ndipo ndi wa mbali ziwiri: magalimoto opita kumpoto ndi njira zao ziwiri, obwera kum'mwera ndi njira zaonso ziwiri. Mtengo wa nchito yonse ndi pafupifupi madola a ku America 650 miliyoni.

Ndalama zimenezi sizinacokere m'bajeti ya Boma. Zambiri mwa izo zinabwerekedwa ndi kampani yomanga mseuwo, ndipo amene adzazibweza ndi anthu oyenda pamseu, kupyolera m'ndalama zimene alipira pazipata zolipirira, zimene ambiri amazicha matologeti. Woyendetsa basi, mlimi wopita ndi tomato ku msika wa Soweto ndi mwini thiraki yonyamula mkuwa, onsewo ali ndi gawo m'nkhongole imeneyi. N'cifukwa cake m'pofunika kumvetsa mmene njira imeneyi igwirira nchito, ubwino wake ndi zoopsa zake.

Cifukwa cake mseu wakale unacepa

Mseu wa Lusaka–Ndola ndiwo msana wa cuma ca Zambia. Ucoka mu Lusaka, upita pa Chisamba, Chibombo, Kabwe ndi Kapiri Mposhi, ndi kukalowa m'cigawo ca Copperbelt. Ulumikiza zigawo ziwiri zimene zili ndi anthu ambiri kupambana zina zonse. Pa kalembera wa 2010, dziko la Zambia linali ndi anthu 13 miliyoni. Pa kalembera wa 2022 anapitirira 19 miliyoni. Anthu anaculuka, magalimoto anaculuka, koma mseu unakhalabe wa njira imodzi kupita, imodzi kubwera.

Pamseu womwewo ndi pamene papita mathiraki onyamula mkuwa wa kumigodi ya Zambia ndiponso wa ku Congo, wolowera pa malire a Kasumbalesa, kupita ku madoko a Durban ndi Beira. Opita ku Dar es Salaam apatukira pa Kapiri Mposhi. Pobwerera, mathirakiwo atenga mafuta, makina ndi mankhwala ogwiritsira nchito m'migodi. Boma linaikanso colinga cakuti dziko lizikumba matani 3 miliyoni a mkuwa pacaka pofika 2031, pamene mu 2024 linakumba matani opitirira pang'ono 800,000. Colinga cimeneci cikayandikira kukwaniritsidwa, katundu wa pamseu adzakulirakulira.

Vuto la mseu wopapatiza si kucedwa kokha ai. Woyendetsa galimoto akatopa ndi kutsatira mzere wa mathiraki, amayesa kupitirira, ndipo potero amalowa m'njira ya galimoto lobwera kutsogolo. Anthu ambiri akali kukumbukira ngozi ya mu Febuluwale 2013 m'boma la Chibombo, pamene basi yocokera ku Ndola inagundana ndi thiraki ndipo anthu oposa 50 anataya miyoyo. Mseu wa mbali ziwiri ulekanitsa magalimoto opita ndi obwera, motero ucepetsa ngozi za mtundu umenewu, za kugundana maso ndi maso.

Mmene matologeti anayambira

Mu 2002, Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa mabungwe atatu oyang'anira za miseu: Road Development Agency lomanga ndi kukonza miseu, National Road Fund Agency losunga thumba la ndalama za miseu, ndi Road Transport and Safety Agency loona za zilolezo ndi citetezo ca pamseu. Thumba la miseu linali kudalira kwambiri msonkho wa pa mafuta, ndalama za zilolezo za magalimoto, bajeti ya Boma ndi thandizo la maiko akunja. Zonsezi pamodzi sizinali kukwana.

Lamulo la matologeti linavomerezedwa mu 2011. Kulipiritsa kunayamba pa 1 Novembala 2013, poyamba kwa magalimoto olemera okha, pamasikelo opimirapo mathiraki ndi pamalire a dziko. Mu Januwale 2016, zipata za Manyumbi, pakati pa Kabwe ndi Kapiri Mposhi, ndi Kafulafuta, pakati pa Kapiri Mposhi ndi Ndola, zinayamba kulipiritsa magalimoto a mitundu yonse. Mu 2017 panatsegulidwa za Katuba, Shimabala ndi Mumbwa, ndipo pambuyo pake zipata zinafalikira m'miseu ikuluikulu ya dziko.

M'zaka zoyambazo, ndalama zonse za pazipata zinali kupita m'thumba limodzi la dziko, ndipo colinga cacikulu cinali kukonzera miseu imene ilipo kale. Motero ndalama yolipiridwa pa Katuba ikanatha kukatseka maenje ku Mansa kapena ku Lundazi. Njira yatsopano ndi yosiyana: ndalama za pacipata ca mseu wina zimangiriridwa ku mseu womwewo, kuti zibweze nkhongole imene inaumanga.

Cifukwa cake thiraki ilipira zambiri

Mitengo ya pacipata isiyana malinga ndi kukula kwa galimoto, ndipo pali cifukwa ca ukatswiri. Pakati pa 1958 ndi 1960, akatswiri a ku America anayesa miseu m'dera la Illinois poyendetsapo magalimoto a kulemera kosiyanasiyana usana ndi usiku. Anapeza kuti cimene ciononga mseu ndi kulemera kumene kuli pa ekiselo iliyonse, ndiko kuti pa citsulo cimene cigwira mawilo a mbali ziwiri. Kulemera kwa pa ekiselo kukawirikiza kawiri, kuonongeka kwa mseu sikuwirikiza kawiri cabe, koma pafupifupi nthawi 16.

Mwa masamu amenewa, ekiselo imodzi ya thiraki yosenza matani 8 ionononga mseu mofanana ndi maekiselo zikwi makumi angapo a galimoto laling'ono. Tanthauzo lake ndi lakuti mseu waukulu umathera mathiraki, maka-maka amene anyamula mopyola muyeso. N'cifukwa cake masikelo ndi ofunika mofanana ndi matologeti. Cipata cisonkhanitsa ndalama, sikelo iteteza mseu umene ndalamazo zamanga. Sikelo ikalola katundu wopyola muyeso kupita, mseu womangidwa kuti ukhale zaka 20 ungathe kuyamba kung'ambika zaka zocepa cabe zitapita.

Mapangano awiri, mitengo iwiri

Nchito ya mseu wa Lusaka–Ndola inatsegulidwapo kale. Mu Sepitembala 2017, a Edgar Lungu, amene anali Mtsogoleri wa dziko panthawiyo, anatsegulira nchitoyi pansi pa pangano ndi kampani ya China Jiangxi, pamtengo wa madola 1.2 biliyoni. Ndalama zake zinayenera kukhala nkhongole ya dziko. Anthu ambiri anadandaula kuti mtengowo unali wokwera kwambiri, ndipo nchitoyo sinapite patali.

Panthawi imeneyo nkhongole za Zambia zinali zitakula kale, zambiri mwa izo zitatengedwa pomangira miseu, magetsi ndi mabwalo a ndeke. Mu Novembala 2020, dziko linalephera kulipira ciwongoladzanja ca madola 42.5 miliyoni kwa amene analibwereka ndalama pamisika ya kunja. Kucokera pamenepo, khomo lobwerekera ndalama zikuluzikulu linatsekeka. Boma limene linalowa mu 2021 linathetsa pangano la 2017, ndi kufuna njira yomangira mseu popanda kuonjezera nkhongole ya dziko.

Pa 28 Febuluwale 2023, Boma linasaina pangano latsopano ndi gulu la makampani lochedwa Macro Ocean Investment Consortium, m'mene muli makampani a ku China a AVIC International, Zhenjiang Communications ndi China Railway Seventh Group. Kuonjezera pa makilomita 327 a mseu waukulu, panganoli lili ndi miseu yolambalala matauni a Kabwe ndi Kapiri Mposhi, ndiponso kukonzanso makilomita 45 a mseu wa Luanshya–Fisenge–Masangano. Nchito za m'mapangano awiriwa sizilingana ndendende, koma mtengo wa pangano laciwiri ndi pafupifupi theka la mtengo wa loyamba.

Mmene panganoli ligwirira nchito

Pangano la mtundu umenewu ndi mgwirizano wa Boma ndi makampani amene si a Boma. Mseu ukhalabe wa dziko la Zambia. Cimene kampani yapatsidwa ndi cilolezo ca zaka 25: zaka 3 zomanga, zaka 22 zoyendetsa mseu ndi kutenga ndalama pazipata. Pa zaka zonsezo, kutseka maenje, kulemba mizere ndi kuthiranso tara ndi udindo wa kampani. Nthawi ikatha, mseu ubwerera m'manja mwa Boma.

Ndalama ya pacipata igawidwa pazinthu zingapo. Gawo lina lilipira anchito ndi kukonza mseu. Gawo lina libweza nkhongole ndi ciwongoladzanja cake. Gawo lina lipita ku Boma, kuonjezera pa misonkho imene kampani iyenera kupereka. Cotsala ndiye phindu la eni kampani.

Ubwino wa njira imeneyi uli patatu. Coyamba, mseu umangidwa tsopano, osayembekezera kuti Boma lipeze ndalama. Caciwiri, amene alipira ndi amene agwiritsira nchito mseuwo, kuphatikizapo mathiraki a maiko ena amene angopita m'dziko muno. Mlimi wa ku Chama amene sanaponde pa Kabwe sakhometsedwa msonkho wa mseu umenewo. Cacitatu, womanga ndi yemweyo wokonza. Kontirakita amene alandira malipiro ake ndi kupita, sataya kanthu mseu ukaonongeka mvula yaciwiri. Koma amene adziwa kuti adzatseka yekha dzenje lililonse kwa zaka 22, ali ndi cifukwa comangira colimba.

Komabe walira mvula walira matope. Ndalama zobwerekedwa ndi kampani kawirikawiri zikhala ndi ciwongoladzanja cokwera kuposa zimene boma lingabwereke ku mabanki a citukuko, ndipo pamwamba pake pali phindu la eni. Pakutha pa zaka 25, oyenda pamseu adzakhala atalipira ndalama zoposa kwambiri mtengo womangira mseuwo.

Ndalama za penshoni

Mbali imene inadzetsa mkangano waukulu ndi ya kumene ndalama zomangira zinacokera. Bungwe la penshoni la NAPSA linavomera kubwereketsa madola 300 miliyoni, ndipo bungwe la Workers' Compensation Fund Control Board, losunga ndalama za anchito ovulala panchito, linavomera madola 100 miliyoni. Pamodzi ndi madola 400 miliyoni, kuposa theka la mtengo wonse.

Otsutsa anafunsa kuti: ngati ndalama zambiri ndi za anchito a m'Zambia, nanga kampani yakunja yabweretsa ciani cimene ciipatsa ufulu wotenga ndalama za pazipata kwa zaka zoposa 20? Anafunsanso za cimene cidzacitikira opuma panchito ngati mseuwo ulephera kubweza nkhongole.

Ogwirizana ndi panganoli anayankha kuti bungwe la penshoni silisunga ndalama m'bokosi. Liyenera kuziika pamalo pamene zidzabala, ndipo mseu wa magalimoto ambiri ndi umodzi wa malo otere. Anatinso ciwongoladzanja cimene cikanapita ku mabanki akunja cidzatsala m'dziko muno, m'thumba la anchito. Mbali zonse ziwiri zigwirizana pa mfundo imodzi: tsogolo la gawo lina la penshoni za anthu tsopano lidalira kuculuka kwa magalimoto opita pazipata za mseu umenewu.

Mkangano wina unabuka mu 2024, pamene zipata za Katuba, Manyumbi ndi Kafulafuta zinaperekedwa kwa kampaniyo mseu usanathe. Oyenda pamseu anadandaula kuti alipira kwinaku akuyenda m'fumbi ndi m'njira zopatukira. Palinso mfundo yakuti zipata zitatuzi zinali pakati pa zimene zinali kubweretsa ndalama zambiri m'thumba la dziko. Ndalama zimenezo zikamangiriridwa ku mseu umodzi, miseu ya kumidzi, imene singathe kudzilipirira yokha cifukwa papita magalimoto ocepa, iyenera kupezeredwa ndalama kwina.

Zimene zingasokoneze masamu

Pangano lililonse la matologeti lakhazikika pa kuyerekezera zinthu zam'tsogolo, ndipo ziwiri mwa izo ndi zovuta kuzidziwiratu.

Coyamba ndi ciwerengero ca magalimoto, maka-maka mathiraki. Mu 2018, Boma linalamula kuti gawo la 30 pa 100 la katundu wolemera monga mkuwa, malasha ndi simenti liziyenda panjanji. Mu 2025, Zambia ndi Tanzania zinasaina pangano ndi kampani ya ku China lokonzanso njanji ya TAZARA, ndipo palinso cikonzero ca njanji yopita ku doko la Lobito m'dziko la Angola. Katundu akasamukira kunjanji, miseu idzapumula ndipo ngozi zidzacepa, koma ndalama za pazipata nazonso zingathe kucepa. Cimene cili cabwino kwa mseu si nthawi zonse cikhala cabwino kwa nkhongole yake.

Caciwiri ndi mphamvu ya kwacha. Mtengo wa mseu unawerengedwa m'madola, koma magalimoto a m'dziko muno alipira m'makwacha. Mu 2017, galimoto laling'ono linali kulipira K20 pacipata, ndipo dola imodzi inali pafupifupi K10. Motero K20 inali madola awiri. Pofika kumapeto kwa 2024, dola inapitirira K27, ndipo K20 yomweyo sinali kukwana ngakhale dola imodzi. Mu 2025 kwacha inapezanso mphamvu. Kukwera ndi kutsika kotere, pa zaka 25, ndiko kumene kukankhira mitengo ya pazipata. Ndipo mtengo wa pacipata ukakwera, sukhala pacipata pomwepo: ulowa mu mtengo wa tikiti ya basi, wa thumba la unga ndi wa feteleza.

Phunziro kucokera kwa anansi

Kum'mwera kwa Africa kuli zitsanzo ziwiri zoonetsa mbali zonse. Mu 1997, maiko a South Africa ndi Mozambique anapereka mseu wa N4, wopita ku doko la Maputo, kwa kampani ya Trans African Concessions kwa zaka 30. Mseuwo unamangidwa, wakhala ukukonzedwa ndi ndalama za pazipata, ndipo unathandiza kukweza malonda a padoko la Maputo.

Citsanzo cina ndi ca cigawo ca Gauteng, kumene kuli mizinda ya Johannesburg ndi Pretoria. Kumeneko miseu inakulitsidwa ndi nkhongole, ndipo mu Disembala 2013 panayamba kulipiritsa kwa makina owerenga magalimoto popanda kuwaimitsa. Anthu ambiri anakana kulipira, ponena kuti sanafunsidwe mokwanira ndiponso kuti miseu imeneyo anali kuyendapo kale kwaulere popita kunchito. Mu Epulo 2024 makinawo anazimitsidwa, ndipo nkhongole inagwera boma la dziko ndi la cigawo, ndiko kuti okhoma misonkho onse.

Kusiyana kwa zitsanzo ziwirizi n'koonekeratu. Anthu amalipira pamene aona ndi maso cimene alipirira, ndiponso pamene auzidwa zoona kuyambira paciyambi. Cikhulupiriro cimeneco cikatha, nkhongole imene inanenedwa kuti si ya boma imabwerera ku boma.

Ku cigawo ca Kum'mawa

Nkhani imeneyi si ya a ku Lusaka ndi ku Copperbelt okha. Mseu wa Great East, kucoka pa mlatho wa Luangwa kufika pa malire a Mwami, unakonzedwa ndi thandizo ndi nkhongole zocokera ku European Union, European Investment Bank, African Development Bank ndi bungwe la citukuko la ku France. Pamseu umenewo pali zipata za Chongwe, Alexander Grey Zulu ndi Reuben C. Kamanga.

Njira ya mgwirizano ndi makampani yafikanso m'cigawoci. Mu 2023, Boma linasaina pangano la mtundu womwewu la mseu wa Katete–Chanida, wa makilomita 55, umene ulowa m'dziko la Mozambique kulunjika ku Tete ndi ku doko la Beira. Ku Copperbelt, mseu wa Chingola–Kasumbalesa, wa makilomita 35, unamangidwanso mwa njira yomweyo. Miseu yonseyi ifanana pa cinthu cimodzi: ndi njira za mathiraki opita kumalire. Ndi miseu yotere yokha imene ikopa makampani. Mseu wopita kumunda, kusukulu kapena ku cipatala ca kumudzi udzadalirabe bajeti ya Boma ndi thumba la miseu.

Zimene anthu ayenera kuyang'anira

Pali zinthu zinai zimene zidzaonetsa ngati njira imeneyi yapindulira dziko. Coyamba ndi kuonekera kwa ndalama: zingati zalowa pacipata ciliconse pacaka, ndipo zagawidwa motani. Caciwiri ndi lamulo la kakwezedwe ka mitengo, kuti anthu adziwe amene ali ndi mphamvu yokweza, ndi pazifukwa ziti. Cacitatu ndi kuganizira okhala pafupi ndi zipata, amene apitapo tsiku ndi tsiku popita kumsika kapena kunchito. Malamulo a matologeti ali ndi mitengo yotsikirapo kwa anthu otere ndi kwa opita pafupipafupi, koma munthu ayenera kulembetsa kuti apindule nayo. Cacinai ndi ubwino wa mseu weniweniwo, osati pa tsiku lotsegulira lokha, koma pa tsiku loubweza.

Mfundo yomalizayi ndiyo imene iiwalika msanga. Mwana amene anabadwa m'caka cimene panganoli linasainidwa adzakhala munthu wamkulu, mwina woyendetsa galimoto lake, pamene mseu wa Lusaka–Ndola udzabwerera m'manja mwa Boma. Ngati panthawiyo mseuwo udzakhala wolimba, nkhongole itabwezedwa ndipo ndalama za penshoni zitabala, ndiye kuti zimene makolo ake analipira pa Katuba, pa Manyumbi ndi pa Kafulafuta zinagula cuma ca dziko. Ngati udzabwezedwa uli wotha, mbadwo umenewo udzayamba kulipira mseu womwewo kaciwiri.